Tikathirira dengu la wodwala, kompyuta imaona chiyani?

Lolemba lapitali ndinathira masamba a tiyi m'dengu la a Elube. Lachitatu ndinaleka. Ndikufuna ndikuuzeni chimene chinachitika pakati pa masiku amenewo, chifukwa nkhaniyi si ya ine ndekha. Aliyense amene anaberekapo dengu m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo akuidziwa mbali yake imodzi. Mbali inayo ndi imene ine ndaidziwa mochedwa.

Kwa inu amene simunathyolepo tiyi, ndiyambe ndafotokoza kuthirira.

Wothyola aliyense ali ndi mlingo wa tsiku, makilo amene ayenera kufikitsa pasikelo. Munthu akadwala, manja amalemera, dengu limapepuka. Pamenepo anzake a m'gulu amachita chimene tinapeza akuluakulu akuchita. Aliyense amatapa dzanja limodzi kapena awiri m'dengu lake n'kuthira m'dengu la wodwalayo, kuseri kwa mitengo, kapitawo atayang'ana kwina. Makapitawo ambiri amaidziwa nthawi yoyang'ana kwina. Nawonso anathyolapo.

Sitipemphana, sitithokozana. Wothiriridwayo amawerama ngati akuchotsa minga kuphazi, ndipo akamadzuka dengu lalemera. Tsiku lina adzathirira wina.

Amayi anga anathyola tiyi mpaka msana unapindika. Ankati m'masiku awo dengu likapepuka kangapo, dzina lako silinkaitanidwanso m'mawa, ndipo palibe ankafunsa ngati ukudwala. Kuthirira kunabadwira m'mantha amenewo, ndipo kunasunga mabanja ambiri pantchito. Choncho musayembekezere kuti ndikunyoze pa tsamba lino. Inenso chaka china malungo atandigwira, dengu langa linafika pasikelo ndi masamba amene sindinathyole.

A Elube ndi mayi wa ana atatu, kwawo ndi kwa Mphuka. Amuna awo anapita ku Joni ndipo nambala yawo inasiya kugwira. A Elube ndi wantchito wa nyengo ya mvula yokha, aja amalembedwa tiyi akachuluka n'kumasulidwa akachepa. Chaka chilichonse amaima pamzere kuti alembedwenso. Chiyambire Khirisimasi miyendo yawo yakhala ikutupa. Nsapato zawo za pulasitiki anazing'amba kumbuyo kuti phazi lilowe. Akakwera kamtunda pang'ono amaima, dzanja lili pachifuwa, kumapuma ngati athamanga.

Lolemba limenelo tili m'munda, a Dorofe, amene ndi wamkulu kwa tonse m'gulu lathu ndiponso mwini pakamwa, anandiitana.

"Amake Tereza, dengu lanulo lasefukira. Mukufuna mumange nyumba ya malata tsiku limodzi?"

Ndinaseka, ndipo ndinamva. Ndinazungulira kuseri kwa mibulugama kumene a Elube anali atatula dengu, ndinatapa kawiri, ndinathira. Ena anatero pambuyo panga. Madzulo pasikelo makilo a a Elube anakwana bwinobwino. Tonse tinapita kwathu mitima ili m'malo.

Sikelo yathu ya masiku ano si ija ya singano. Umakoleka masamba ako, umagunditsa khadi lako pa kabokosi, ndipo kulemera kwake kumapita kokha ku kompyuta ya ku ofesi. Itangobwera tinaikonda. Kale kilo inkatha kusochera pakati pa singano ya sikelo ndi cholembera cha kalaliki, ndipo ukafunsa unkaoneka wamwano. Zimenezo zinatha.

Amene amakhala pasikelopo tsopano ndi mayi Asiyatu, kalaliki wofatsa, wa ku Luchenza, mwana wa m'banja la ochita malonda. Lachiwiri titaweruka ndinawapeza panjira akudikira kabaza. Atandiona anamusiya wa kabazayo adutse.

"Amayi, ndiyende nanu pang'ono?"

Tinayenda.

"Ndinakuonani dzulo kuseri kwa mibulugama."

Ndinati, "Munaona chiyani, a kalaliki? Ine ndimakonza lamba wa dengu."

"Lamba wanuyo ali ndi masamba ambiri," anatero akuseka. "Musaope, sindiuza munthu. Azakhali anga anathyola tiyi, zimenezi ndimazidziwa. Koma a Elube aja mukuwapweteka."

Ndinaima. Kuwapweteka? Ife amene tikuchotsa m'madengu athu?

Mayi Asiyatu anatola kamtengo n'kuyamba kulemba mizere padothi la m'mbali mwa msewu. Anati kompyuta ija siona nkhope, siona miyendo, imaona makilo basi. Koma anthu amene anaikonza anaipatsa masamu oti izichita ndi makilowo.

"Imatenga makilo anu a masabata angapo, n'kuwaphatikiza, n'kuwagawa ndi masiku amene mwagwira ntchito. Ikatero yadziwa kathyoledwe kanu ka masiku onse. Kanu ka inu nokha, osati ka a Dorofe. Ndiye madzulo alionse imafanizira: kodi lero amake Tereza athyola monga amathyolera? Ngati mwatsika, imayang'ana anzanu a m'gulu. Ngati onse atsika, imadziwa kuti ndi mvula, kapena munda unali ndi masamba ochepa, imangokhala chete. Koma mukatsika nokha, lero, mawa, mkuja, anzanu ali pomwe amakhala, imaika chizindikiro pa dzina lanu."

"N'kundichotsa ntchito," ndinatero.

"Ayi. Dzinalo limapita kwa anamwino a kuchipatala cha pa esiteti kuti akuitaneni akuyeseni. Mukapezeka kuti mukudwala, mumapita ku nazale, kukathira dothi m'timachubu mutakhala pansi pamthunzi, mpaka mutapeza bwino."

"Zimenezi zinayamba liti?"

"Zinabwera limodzi ndi sikeloyo."

Ndinakumbukira tsiku limene anatisonyeza sikelo yatsopanoyo. Anatiimika pamzere, anatiphunzitsa kugunditsa khadi, anatiuza kuti tisalitaye ndipo tisalinyowetse. Zinathera pomwepo. Zinazo mwina anaona kuti ndi zazikulu kwa anthu a dengu.

"Sindinamalize, amayi," anatero mayi Asiyatu.

Anati kumapeto kwa sabata kompyuta yomweyo imagawa anthu m'minda. Imawerengera mvula imene yagwa, kutentha kwa dzuwa, ndi masiku amene munda wakhala usanathyoledwe, n'kupeza kuti munda uti ukhala ndi masamba ochuluka motani ndipo ukufuna manja angati. Minda yovuta imaipereka kwa anthu amene dengu lawo silisinthasintha. Osati othyola kwambiri okha, koma aja amene kaya kugwe mvula kaya kuwale, makilo awo amakhala pomwepo. Masamu ake amati ameneyo ndiye wolimba.

"Tsopano ndiuzeni, amayi. M'gulu lanu, dengu limene silisintha ndi la ndani?"



Madengu a ife amoyo amakwera n'kutsika, monga thupi la munthu lichitira. Lero wagona bwino, mawa mwana wakusowetsa tulo. Koma tikamathirira, timathira mpaka dengu lifike pa mlingo wabwino, tsiku ndi tsiku, osaperewera. Dengu la wodwala ndi lokhalo limene silitsika, chifukwa muli manja a gulu lonse.

Ndinakhala pansi pamphepete pa msewu. Mayi Asiyatu anadabwa, anandifunsa ngati ndamva chizungulire. Iwo anabwera pa esiteti pano amuna anga atamwalira kale. Sankadziwa chimene anali atandiuza.

Amuna anga, a Fanuwelo, anali wothyola wa chaka chonse ngati ine, koma m'gulu la amuna. Chaka chimene anatisiya anayamba kutsokomola mvula ikupita kumapeto. Chinali chifuwa chouma, chosamva mandimu, chosamva tsabola. Lamba wa thalauza anamuboola bowo lina, kenako linanso. Ndikanena za kuchipatala ankati, "Ndikajomba tsiku limodzi, aona kuti ndafooka. Dikirani tiyi achepe kaye."

Anzawo anaona, ndipo anachita zimene anthu abwino amachita. Anawathirira. Ine ndinkadziwa, ndipo nthochi zathu zikapsa ndinkapatsira amunawo phava limodzilimodzi, osanena kuti ndi za chiyani.

Pa esiteti yathu pali munda wina umene timautcha Gologota. Uli m'mbali mwa phiri, wotsetsereka moti umathyola mwendo wina uli pamwamba, wina pansi. Dengu likadzaza umatsika nalo mpaka kusikelo, n'kukweranso. Nyengo ya chiperoni nkhungu imagona pamenepo tsiku lonse, ndipo mitengo ya tiyi imakunyowetsa mpaka pachifuwa dzuwa lisanatuluke.

Loweruka lina a Fanuwelo anafika pakhomo akumwetulira.

"Amake Tereza, makina andisankha! Lolemba ndikukwera Gologota pamodzi ndi anyamata. Si inu mumati ndakalamba?"

Anadziguguda pachifuwa, n'kutsokomola mpaka misozi inatuluka. Tinaseka tonse awiri. Ndinaganiza kuti mwina makinawo akuona mphamvu imene ine, chifukwa cha nkhawa, sindikuiona.

Anakwera Gologota m'chiperoni masabata angapo. Kumeneko anzawo atsopano anawathiriranso, poti munthu wa maso sakanalephera kuona. Tsiku lina anabwera nawo pa ngolo ya thirakitala, atawagoneka pamwamba pa matumba a masamba. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu, ndipo chalowerera. Namwino wina anandiyang'ana n'kunena mofatsa, "Mayi, nthenda iyi ili ndi mankhwala. Mukanabwera kale."

Mawu amenewo ndakhala nawo zaka zonsezi. Ndinkaganiza kuti panalibe amene akanawakakamiza a Fanuwelo kupita kuchipatala, poti ine ndinalephera. Lachiwiri lija, nditakhala m'mbali mwa msewu, ndi pamene ndinadziwa kuti chinalipo chinthu chimene madzulo alionse chinkayang'ana dengu lawo, kudikira kuti lipepuke kuti chiitane anamwino. Silinapepuke.

Ndimvetseni bwino, owerenga anzanga. Sindikunena kuti kompyuta inapha amuna anga. Inawapha ndi nthenda. Sindikunenanso kuti anawapha ndi anzawo aja. Ndi omwewo amene anakumba manda ndi kunyamula bokosi, ndipo ena a iwo mpaka lero amandibweretsera nkhuni. Aliyense anachita zimene ankadziwa. Masamu anawerenga molondola makilo amene anapatsidwa. Amuna aja anathira mwachikondi masamba amene anali nawo. Chimene chinasowa n'chakuti awiriwa sankadziwana.

Ine sukulu ndinaisiya masamu ogawa atangoyamba kuvuta. Koma zimene mayi Asiyatu analemba padothi paja ndinazimva zonse, ndipo panalibe chamatsenga. Kuphatikiza, kugawa, kufanizira. Munthu wa pensulo angathe kuwerengera wothyola mmodzi mwa njira imeneyi. Koma kuwerengera anthu onse a pa esiteti, madzulo alionse, aliyense ndi kathyoledwe kake, kuonjezapo mvula ndi minda, kukanamuchera ali pa gulu loyamba. Kompyuta imamaliza madzi a tiyi asanawire. Masamu ndiwo amanena njira, kompyuta ndiyo ili ndi miyendo yoyenda njirayo mofulumira. Popanda masamu, kompyuta ndi bokosi chabe. Popanda kompyuta, masamuwo akanafika mochedwa, munthu atagwa kale.

Ndipo zabwino zake taziona, tisaname. Kale masamba ankatentha m'matumba tikudikira thirakitala imene yapita kumunda wina. Lero imafika nthawi yake, chifukwa pali chowerengera kuti iyambire kuti, ithere kuti. Kale munda wina unkakhwima masamba pamene gulu lonse likulimbirana munda wopanda kanthu. Lero zimenezo zinachepa. Ndimamva kuti ndi masamu a mtundu womwewu amene amathandiza a zanyengo kutiuza za mvula pa wailesi. Sindine mdani wa zinthu zimenezi.

Koma funso langa ndi ili: timazidyetsa chiyani?

Ife anthu a m'minda tinaphunzira kalekale kubisa zoona pamaso pa chilichonse cholemba. Munthu wa pepala akafika, chifuwa chimatha, msana umawongoka, aliyense ali bwino. Mayi woyembekezera amamanga chitenje molimba mpaka mimba itakana yokha. Sitinabadwe abodza. Tinaona zimene zinkachitikira onena zoona. Tsopano kwabwera cholemba china chimene akuti chikufuna zoona kuti chitithandize, ndipo ife tikuchipatsa zomwe tinkapatsa akale aja. Tingachite bwanji mwina, ngati palibe amene anakhala nafe pansi n'kutiuza kuti ichi n'chosiyana?

Nanga amene analemba masamuwo, kaya ali ku Blantyre kaya kutsidya kwa nyanja, ankadziwa kuti ku Thyolo kuli kuthirira? Anaberekapo dengu? Anafunsapo mayi mmodzi wa m'munda kuti, "Mnzanu akadwala mumatani?"

Ndinawafunsa mayi Asiyatu zimenezi. Anati akanadziwa, akanatha kuiphunzitsa kompyutayo. Akuti si masamu ovuta. Dengu limene silisintha konse, pamene madengu a anzake onse atsika pang'onopang'ono nthawi imodzi, limeneli ndi lofunika kuliyang'ana kawiri. Koma kuti aiphunzitse, wina ayenera kukawauza kuti timathirirana. Apite ndani? Amene angapite adzakhala wagulitsa gulu lonse, chifukwa pamalamulo a ntchito kuthira masamba ako m'dengu la wina ndi mlandu.

Mwaona pamene tili?

Lachitatu pa nthawi yopuma ndinawafotokozera amayi a m'gulu lathu zonse, monga ndinazimvera. Ndinatola kamtengo nanenso, ndinalemba padothi. Ndinati tikapitiriza, a Elube sadzaitanidwa kuchipatala, ndipo mwina awatumiza ku Gologota.

A Dorofe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amake Tereza, a kalaliki akudyetsani chiyani? Makina a mabwana anayamba liti kumvera chisoni munthu wa dengu?"

"Sachita chisoni, a Dorofe. Amawerenga basi. Koma akuwerenga zimene tikuwapatsa."

"Tamverani aphunzitsi! Mawa mubwere ndi choko." Ena anaseka. Kenako a Dorofe anatsitsa mawu. "A Fanuwelo anathiriridwa. Amuna anga anali m'gulu lawo, ankabwera kunyumba dengu litaperewera chifukwa cha amuna anu. Lero mwakhuta, mukukana mnzanu?"

Mawu amenewo anandilasa. Ndinafuna kunena kuti ndi chifukwa cha a Fanuwelo omwewo. Ungamuuze bwanji munthu kuti chifundo cha amuna ake chinathandiza kukweza amuna ako phiri?

A Elube anali atatambasula miyendo pa udzu. Kenako anati:

"Achemwali, ndamva. Mwina n'zoona. Koma inu ndinu a chaka chonse. Ine ndine wa mvula. Ndikadziwika kuti ndine wodwala, ku nazale ndipita, chabwino. Nanga mvula ikadzabweranso, pamzere paja adzandilemba ndani? Ana anga adzadya mthunzi wa ku nazale?"

Madzulo pasikelo ndinawanong'oneza mayi Asiyatu funso lomwelo. Anapukusa mutu.

"Za nazale ndikudziwa, ndaonapo anthu akupita. Koma za chaka cha mawa amasankha ndi anthu, si kompyuta. Sindingakulonjezeni, amayi. Ndingakhale ndikunama."

Ndinawalemekeza chifukwa cha yankho limenelo, ngakhale silinandithandize.

Choncho kuyambira Lachitatu dzanja langa silinalowe m'dengu la a Elube. Sindinganene kuti ndinali wotsimikiza. Ndinkangodziwa kuti dzanja limeneli silingathe kutapanso, likudziwa zimene likudziwa. Anzanga anapitiriza, ndipo anaonjezera kuti akwirire gawo langa. Ndikadutsa, nkhani inkaduka. Lachinayi kunagwa mvula yamphamvu, tonse makilo anatsika. Makilo a a Elube okha anakhala pomwe amakhala.

Loweruka titamaliza kuyeza, kapitawo wathu, a Likoswe, anaima pa chitsa kutiuza minda ya sabata yamawa monga amachitira. Anatchula mayina a opita kumunda wa kumtsinje, a opita kufupi ndi fakitale. Kenako anati, "Gologota," n'kuyamba kutchula. Dzina lachitatu linali la a Elube.



A Dorofe ndi amene anayamba kuyankhula. "A kapitawo, mwaona bwino? Tayang'anani miyendo yawoyo! Munthu ameneyu akwere Gologota?"

"Ine ndikunena zimene zatuluka ku ofesi," anatero a Likoswe. "Makilo awo ndi okhazikika kuposa a wina aliyense pano, kuposa anu omwe, a Dorofe. Lachinayi nonse munagwa, iwo anaima. Kapena mukufuna kundiuza kuti makilowo si awo? Nenani, ndimve. Anathira ndani?"

A Likoswe ankadziwa, ifenso tinkadziwa kuti akudziwa. Anayang'ana kwina nyengo yonseyi, ndipo tsopano kwinako kunatha.

Sindinakondwe, owerenga anzanga. Ndikanakonda ndikanakhala wolakwa, a Dorofe andiseke mpaka chaka chithe. Ndinayang'ana nkhope ya a Dorofe, ndipo ndinaona kuti akumbukira Loweruka lina, dzina lina, pa chitsa chomwechi. Sanandiyang'ane. Anangokhala pamwamba pa dengu lawo, chinthu chimene wothyola sachita.

A Elube anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Abale anga, mwandithirira mpaka mwandikweza phiri."

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa chitsa paja, anakhala pansi, anavula nsapato zong'ambika zija. Anakweza chitenje kufika m'mawondo, n'kudinikiza chala pa msongolo. Atachotsa chalacho, dzenje linatsala pomwepo, osabwerera.

"A kapitawo, izi ndiye zanga. Makilowo kaya. Lembani izi."

A Likoswe anatsika pa chitsa. Sanafunsenso za amene anathira. Anaitana woyendetsa thirakitala n'kumuuza kuti adutsire kuchipatala asanapite ku fakitale. A Elube anakwera atakhala tsonga, atagwira okha chitsulo cha ngolo.

Pamene ndikulemba pano, awagoneka kuchipatala. Anamwino akuti magazi ndi ochepa kwambiri ndipo mtima ukufunika kuuyesa kuchipatala chachikulu. Akuti abwera nthawi ikadalipo. Ana awo tawagawana m'makomo. Akatuluka, ku nazale kuli malo awo mpaka mvula ithe.

Mpaka mvula ithe. Kuchokera pamenepo palibe akudziwa.

Ndipo amayi onse a m'gulu lathu, ndi a magulu ena amene nkhaniyi yawafika kale, akuyang'ana. Sakuyang'ana kompyuta. Masamu ake tsopano awamva, ndipo sanawavute kumva. Akuyang'ana chimene chichitikire munthu woyamba amene anaonetsa miyendo yake poyera. Akadzamulemba, madengu a odwala adzayamba kupepuka pasikelo, ndipo masamu aja adzayamba kugwira ntchito imene anawapangira. Akadzamusiya pamzere, tidzabwerera kuseri kwa mibulugama, ine ndemwe pamodzi nawo, ndipo palibe kalaliki adzatiuzenso kanthu.

Inu amene mumakhala ku ofesi, munagula makina abwino ndipo munawapatsa masamu abwino. Chimene chatsala sichifuna makina. Bwerani pasikelo m'mawa wina, muime pamatope pamene timaima, munene m'chinenero chathu kuti dengu lopepuka silichotsa munthu ntchito, chaka chino kapena chamawa. Koma munene pokhapokha ngati zili zoona.

A Elube anakuuzani zoona zawo. Mvula ikadzayambanso, iwo ataima pamzere paja, mudzawalemba?